Ndikufuna mabezi mu Vitz koma buti ndisataye

Sabata yatha kunabwera imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Area 25. Akuti anagula ka Vitz ka 2012 kochokera ku Japan, wailesi yake imangolankhula Chijapani, masipika akukhosomola, ndiye akufuna nyimbo zomveka bwino ndi mabezi pang'ono koma buti sangaitaye chifukwa ndi momwe amanyamuliramo matumba a ufa ndi zikwama za ana. Wina wawauza kuti agule bokosi la masabu (masipika a mabezi) a 12 inchi awiri ndi ampu (chowonjezera mphamvu ya mawu) yolembedwa 3000W. Akufunsa, ndipange bwanji?

Achimwene, za bokosilo iwalani kaye. Buti ya Vitz mukuidziwa nokha, mukaikamo ma 12 awiri ndiye kuti ufa uzikhala pamiyendo ya ana kkkk. Komanso vuto lenileni si malo okha ayi, ndi magetsi. Manambala aakulu olembedwa pa katoni aja ndi a PMPO kapena max, mphamvu ya kamphindi chabe, ongokopera makasitomala, nambala yoona ndi ya RMS, mphamvu imene ampu imapereka mosalekeza. Ampu yopereka 1000W RMS yeniyeni pa mavoti 14 imakoka ma amp opitirira 70, ndipo ka alternator ndi kabatire kakang'ono kamene kali mu galimoto ya 1000cc sizinapangidwire zimenezo. Ndi zija mumaona usiku malaiti akuphethira mogwirizana ndi nyimbo, kenako m'mawa mukupempha anyamata akukankheni.

Yambani ndi wailesi. Zochokera ku Japan zambiri zimagwira FM kuyambira 76 mpaka 90 MHz basi, pomwe kuno timayambira 87.5 mpaka 108, nchifukwa chake mukumva masiteshoni ochepa. Pali ka band expander kotchipa, kothandiza wailesiyo kugwira masiteshoni a kuno, koma manambala pa sikirini amasokonekera ndipo nthawi zina kamalowetsa phokoso, ine ndimati ingosinthani. Pezani Pioneer, Kenwood kapena Sony yokhala ndi Bluetooth ndi malo olumikizira sabu kumbuyo. Dziwani kuti bowo la wailesi pa dashibodi ya Toyota ndi lotambalala 200mm pomwe wailesi wamba ya saizi ya double DIN ndi pafupifupi 180mm, ndiye mufunika tizidutswa totseka m'mbalimo. Ndipo chonde gulani pulagi yolumikizira ya Toyota, musalole munthu adule mawaya a galimoto ndi kumangapo ndi tepi. Ndinalolapo kamodzi kwa mnyamata wina pamsika, patatha miyezi iwiri mawaya anagundana, fyuzi kumangopsa tsiku ndi tsiku mpaka ndinachita kumasulitsa dashibodi yonse.

Kenako zitseko zakutsogolo, apa ndi pamene ndalama yanu igwire ntchito. Ikani masipika a 6.5 inchi, makamaka a component aja okhala ndi twita (kasipika ka mawu opyapyala) payokha kuti mawu azichokera m'mwamba osati m'maondo. Akale aja Toyota imawakhomera ndi maliveti, ndiye amaboola ndi dilu nkuika mphete ya pulasitiki kapena ya thabwa. Ngati ndi thabwa lipakidwe penti bwinobwino chifukwa m'chitseko mumalowa madzi nthawi ya dzinja ndipo thabwa la MDF likanyowa limafufuma ngati mandasi. Onaninso kuti maginito asagunde galasi likatsika. Chitsulo cha zitseko za magalimoto ang'onoang'onowa ndi chopyapyala, chimanjenjemera, ndiye matani ma sheet a butyl oletsa kunjenjemera kuseri kwa sipika, ngakhale theka la chitseko lokha. Anthu amanyozera gawo limeneli chifukwa silioneka, koma mukamva kusiyana kwake mudzadabwa.

Tsopano mabezi. Yankho lanu ndi sabu ya pansi pa mpando yokhala ndi ampu yake mkati momwemo, monga Kenwood KSC-SW11 kapena Pioneer TS-WX130DA, kutalika kwake kuchoka pansi kupita m'mwamba ndi pafupifupi 7cm basi. Musanagule yezani ndi tepi pansi pa mpando wa pasenja, muukankhe kutsogolo ndi kumbuyo muone ngati sikukhudza. Sigwedeza mawindo a aneba, izi ndinene poyera, koma mkati mwa Vitz mochepa muja imadzaza bwino kwambiri. Ziliponso zolowa pakati pa tayala la sipeya ngati JBL BassPro Hub, zimagunda kuposa za pansi pa mpando koma ndi zodula, ndipo kasipeya kowonda kaja nthawi zambiri sikalola. Kuchotsa sipeya kuti mupange bokosi la fibreglass m'menemo ena amachita, koma ndi maenje a misewu yathuyi ine sindingayerekeze.

Pa mawaya musaumire. Waya wochokera ku batire ukhale wa kopa weniweni, osati wa aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batire, isapitirire 45cm. Ethi (waya wa negetivi wolumikiza ku chitsulo cha galimoto) ikhale yaifupi, pachitsulo chopalidwa penti. Mawaya a RCA, otenga mawu kuchoka ku wailesi kupita ku sabu, adutse mbali ina, wa magetsi mbali ina, apo ayi muzimva kulira kokwera limodzi ndi injini mukaponda mafuta. Pa wailesi ikani HPF ya zitseko (yoletsa mabezi akuya kupita ku masipika) ndi LPF ya sabu (yolola mabezi okha) cha pa 80Hz, ndipo gain ya pa sabu ndi yofananitsira mphamvu yake ndi ya wailesi, si voliyumu, musaizungulize mpaka kumapeto.

Ngati ndalama ikuvuta chitani pang'onopang'ono, wailesi ndi zitseko mwezi uno, sabu ikapezeka ina. Komanso mukapita kotsukitsa galimoto muziwauza anyamata aja kuti pansi pa mpando pali sabu, amakonda kuthira madzi pa kapeti osayang'ana.