Achemwali, zithunzi za chinkhoswe zija sizinawonongeke

Lachiwiri usiku ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Zomba. Anagula kamera ya Canon yogwirapo kale ntchito, wina anamuuza kuti akatswiri amajambula mu RAW (mtundu wa fayilo yosunga chithunzi chosakonzedwa), iye n'kuika kamera pa RAW m'mawa wa tsiku la chinkhoswe cha msuweni wake. Pano zithunzi zikuoneka zotuwa, foni ikukana kuzitsegula, ndipo azakhali akumuimbira foni m'mawa ndi madzulo kufuna zithunzi. Funso lake ndi lalifupi: "Kodi ndawononga?"

Simunawononge, achemwali. Koma mundilole ndiyambe ndaulula zanga, chifukwa imelo yanuyi yanditosa pachilonda.

Ukwati woyamba umene ndinajambula unali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anthu anatuluka m'tchalitchi cha m'ma 12 koloko, mkwatibwi ali mu diresi yoyera mbee, mkwati, munthu wakuda bwino, ali mu suti yakuda bii. Kamera yanga inali pa JPEG, mtundu wamba wa fayilo ya chithunzi, ndipo sindinkadziwa n'komwe kuti kuli china. Ndinkasuzumira pakagalasi kakumbuyo, koma padzuwa loterolo munthu umaona chiyani? Ndinkangogwedeza mutu ngati wodziwa ntchito. Nditafika kunyumba n'kuika pa kompyuta, thukuta linayambiranso. Diresi inali chigamba choyera basi, chopanda khwinya kapena lesi. Pomwe diresi inaoneka bwino, mkwati anatsala maso ndi mano. Ndikawalitsa nkhope, khungu linkachita timadontho ngati la nkhanga. Ndikachepetsa kuwala pa diresi, inkangosanduka phulusa.

Chomwe chimandiwawabe ndi ichi. Mayi ake a mkwatibwi anali atasokerera okha mikanda pachifuwa cha diresi ija, usiku ndi usiku. Nditawapatsira zithunzi sanakalipe. Anatsegula chimodzichimodzi, kenako anafunsa motsitsa mawu: "Nanga mikanda ija ili kuti, bambo?" Bola akanandilalatira.

Mikandayo kamera inaiona ndithu, kungoti inaitaya. Mukajambula mu JPEG, kamera imatenga zimene sensa (kachipangizo kogwira kuwala mkati mwake) yagwira, imasankha yokha mtundu, imathira contrast (kusiyana kwa kuwala ndi mdima), imanola chithunzi, zotsala n'kutaya kuti fayilo ichepe. JPEG imasunga masitepe 256 a kuwala pa mtundu uliwonse mwa mitundu itatu ija, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu. RAW ya 12-bit imasunga 4,096, ya 14-bit 16,384. Kunena kwake, JPEG ndi ndiwo zomwe wina wathira kale mchere, inu n'kungolandira. RAW ndi nsomba yaiwisi, tomato ndi mchere zili pambali. N'chifukwa chake zanu zikuoneka zotuwa: palibe wazikometsa. Zokongola zomwe munkaona kumbuyo kwa kamera tsiku lija kanali ka JPEG kakang'ono komwe kamera imabisa mkati mwa fayilo ya RAW kuti ikuonetseni.

Koma musamve ngati RAW ndi sing'anga. Malo omwe sensa inadzaziratu ndi kuwala palibe chobweza, ndipo chithunzi chomwe focus inaphonya chaphonya basi.

Nkhani ya khunguyi ndiyo imandikwiyitsa, ndipo ndi yakale. Kuyambira m'ma 1950, malo otsukira zithunzi ankalinganiza makina awo ndi khadi la Kodak lotchedwa Shirley, lomwe linali ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu. Khungu lakelo ndilo linali muyeso. Khadi lokhala ndi akazi a makungu osiyanasiyana linadzabwera m'ma 1990. Kukula konse tinkangoti "ine zithunzi sizindikonda", pamene makinawo sanalinganizidwe ndi ife. Lero tili ndi RAW, mphamvu yosankha mtundu wa khungu ili m'manja mwathu, ndiye tikuchita nayo chiyani? Tikuyeretsa anthu. Mwezi watha ndinaona chithunzi cha mlamu wanga pa Facebook, sindinamuzindikire. Munthu wakuda wokongola, anamusandutsa wofiira ngati papaya, nkhope yosalala ngati chidole cha m'sitolo ya zovala. Wojambulayo anatsitsa preset (kakonzedwe ka mitundu kopangidwiratu) ya munthu wina wa kunja, yopangidwira khungu lina ndi dzuwa lina, n'kuipaka pa zithunzi zonse kamodzi. Kale ndinkati aliyense ali ndi kakonzedwe kake. Pano ndasiya kunena zimenezo. Ngati agogo a munthu sangamuzindikire pachithunzi, wojambula walephera ntchito, ngakhale mwiniwake atasangalala ndi kulipira.

Komanso amene anakuuzani kuti akatswiri onse amajambula mu RAW sanakuuzeni zonse. Taonani anyamata aja omwe amajambula pakhomo pa tchalitchi, n'kuthamangira kukatsukitsa, perekaniperekani asanathe abwera kale ndi zithunzi akugulitsa pakhomo pa holo. Iwowo RAW ingawagonetse ndi njala, ndipo ambiri a iwo amadziwa kuwala kuposa ife okhala pa laputopu. RAW imadya malo. Ya kamera ya 24 megapixel imakhala pakati pa 25MB ndi 30MB, kutanthauza kuti khadi ya 32GB imadzaza ndi zithunzi pafupifupi 1,000. Imadyanso nthawi. Laputopu yanga yoyamba inkatentha ngati mbaula, batire yake inali yakufa, ndiye magetsi akangothima ndili pakati potulutsa zithunzi 300, ndinkayambiranso. Ndinaphunzira kudzuka 2 koloko usiku. Akazi anga mpaka lero amati ukwati wa anthu ena unkafuna kutha wathu.

Ndiye muchite chiyani?

Choyamba, koperani mafayilo onse malo awiri, pa kompyuta ndi pa flash kapena hard drive, ndipo khadi musaifufute mpaka ntchito ithe. Kenako pezani bandulo yokwanira, mutsitse pulogalamu yotsegulira ndi kukonzera RAW yotchedwa Digital Photo Professional pa webusaiti ya Canon. Ndi yaulere, imangofuna serial number yomwe ili pansi pa kamera yanu. Ubwino wake ndi wakuti imawerenga Picture Style (kakometsedwe ka mitundu) yomwe kamera inali nayo, choncho zithunzi zimatseguka zikufanana ndi zomwe munaona tsiku lija. A Nikon ali ndi NX Studio, yaulerenso. Darktable ndi RawTherapee sizilipiritsa ndipo zimatsegula mafayilo a makamera ambiri, koma zili ndi mabatani oti munthu woyamba angathawe. Lightroom ndi yabwino, kungoti imafuna ndalama mwezi ndi mwezi.

Pakadali pano gwirani zinthu zitatu zokha. White balance (kulinganiza mitundu kuti choyera chioneke choyera): dinani pa chinthu choyera kapena chotuwa chomwe sichinapse ndi kuwala, monga kolala ya shati ili pamthunzi. Pa muyeso wa mtundu wa kuwala (K), dzuwa la masana limakhala cha m'ma 5,500K, mababu achikasu aja cha m'ma 3,000K, ndipo machubu a m'maholo athu amakonda kubiriwiritsa khungu, zomwe mumakonza ndi batani la tint. Exposure (kuwala kwa chithunzi chonse): yang'anani nkhope, osati chovala. Highlights (malo owala kwambiri): tsitsani mpaka nsalu iyambe kuonetsa ulusi wake, mulekere pomwepo. Musaope kulakwitsa, fayilo ya RAW yeniyeniyo sikhudzidwa, mutha kubwerera poyambira nthawi iliyonse. Mukamaliza tulutsani JPEG, ndipo pa WhatsApp muzitumize ngati document kuti zisafinyidwe.

Azakhali musawadikiritse mpaka zonse zithe. Sankhani 20 zomwe muli ankhoswe, mphatso ndi iwo eni atavala chitenje chawo chatsopano, mutumize mawa. Ulendo wina ikani kamera pa RAW+JPEG, kuti abale alandire zawo tsiku lomwelo inu mukukonza zovutazo pang'onopang'ono.

Mundiyankhe kuti maina a mafayilo anu akuthera ndi CR2 kapena CR3, mitundu iwiri ya RAW ya Canon. CR3 inayamba mu 2018, ndipo ngati mnzanu angakupatseni pa flash pulogalamu yakale kuposa pamenepo, siitsegula ngakhale mutaipempha bwanji.