Kodi Ndigule Raketi ya Akatswiri? Yankho kwa Wosewera Badminton wa M'kalabu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena akwathu omwe akugwira ntchito ku Johannesburg, ndipo amasewera badminton kawiri pa sabata m'kalabu ya m'dera lawo. Iwo akuti kwa zaka ziwiri akhala akugwiritsa ntchito raketi yotsika mtengo, koma tsopano anzawo ambiri akubwera ndi maraketi atsopano a mayina otchuka, ndipo zida zachuluka m'masitolo ndi pa intaneti moti sakudziwa chogwira. Funso lawo ndi lakuti, kodi atsanzire anzawowo n'kugula Astrox 100ZZ, raketi yomwe katswiri wa ku Denmark Viktor Axelsen amadziwika nayo, kapena ndalamazo azigwiritse ntchito pa china?

Achimwene, ine ndikuti musathamangire raketiyo, ndipo ndikufotokozerani bwino chifukwa chake, pakuti ndalama mwaikhetsera thukuta.

Chiyambireni pamene badminton inalowa mokwanira m'masewero a Olympics ku Barcelona mu 1992, osewera akhala akuchulukirachulukira, makamaka ku China, India, Indonesia ndi Malaysia, ndipo malonda a zida akula motsatira. Makampani akuluakulu monga Yonex ya ku Japan, Victor ya ku Taiwan ndi Li-Ning ya ku China amalimbirana akatswiri, monga momwe Li-Ning inasainirana pangano ndi PV Sindhu wa ku India mu 2019, chifukwa amadziwa kuti ife a m'makalabu timagula chomwe taona m'manja mwa ngwazi. Mpikisanowu uli ndi ubwino wake womwe sindingaubise. Lero munthu amatha kupeza raketi yopepuka ndi yolimba pa mtengo wofikirika, kaya ya Apacs, kaya ya Perfly yomwe imagulitsidwa ndi Decathlon, pamene kale wosauka ankangokhalira raketi yachitsulo yolemera. Vuto lake ndi lakuti chaka chilichonse pamatuluka mtundu watsopano, ndipo munthu amayamba kuona ngati kulephera kwake pabwalo kukuchokera m'chikwama chake.

Axelsen, yemwe anapambana mendulo yagolide ya Olympics ku Tokyo komanso ku Paris mu 2024, ndi munthu wamtali kwambiri amene wachita zokonzekera tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Raketi yakeyo ndi yolemera kumutu, ndipo kandodo kake ka pakati n'kouma kwambiri, kotero kuti kamapindika n'kubweza mphamvu pokhapokha dzanja likathamanga mokwanira. M'dzanja la munthu wosewera kawiri pa sabata kandodoko sikapindika, shuttle (kampira ka nthenga komwe timamenya) safika kumbuyo kwa bwalo, ndipo wosewerayo amayamba kukakamiza ndi phewa. Zimenezi zinandichitikira ineyo pamene ndinagula raketi youma ya mtundu wina: patangotha masabata ochepa chigongono chinayamba kuwawa moti ngakhale kunyamula ketulo ya tiyi kunkandivuta, ndipo ndinakhala nthawi yaitali osalowa m'bwalo. Dziwaninso kuti Yonex imagulitsa maraketi ena m'magawo otchedwa Pro, Tour, Game ndi Play, ofanana maonekedwe koma osiyana kuuma ndi mtengo, ndipo kwa ambiri a ife gawo la Game ndi lomwe limagwirizana ndi mphamvu zathu. Ngati mumakonda kusewera awiriawiri, monga zimakhalira m'makalabu ambiri, sankhani yolembedwa 4U, yomwe imalemera magalamu 80 mpaka 84, chifukwa 3U ya magalamu 85 mpaka 89 imachedwetsa dzanja pafupi ndi ukonde.

Musanagule n'komwe raketi ina, yang'anani zingwe za yomwe muli nayo. Anthu ambiri amatha zaka ziwiri ndi zingwe zomwe anagulira kusitolo, zitafooka kale, kenako n'kumaimba mlandu raketi. Pitani nayo kwa wolukira zingwe ndipo mupemphe chingwe chokhalitsa monga BG65, cha mamilimita 0.70, chokokedwa ndi mphamvu ya mapaundi 22 kapena 24. Akatswiri amakokera pafupifupi mapaundi 30, koma kukoka kotere kumachepetsa malo abwino omenyera shuttle, ndipo chingwe chimaduka msanga mukangophonya pakati.

Pa nsapato pokha musaumire. Nsapato zothamangira zili ndi chidendene chachitali ndipo zinapangidwira kupita kutsogolo, pamene badminton imafuna kudumphira cham'mbali ndi kuima mwadzidzidzi, ndipo m'menemo ndi momwe anthu amabinyira akakolo.

Komabe pamene kukula kwa malonda kwafinya kwenikweni makalabu si pa raketi ayi, koma pa shuttle, ndipo ndikudabwa kuti m'kalata yanu simunaitchule. Shuttle wa nthenga amapangidwa ndi nthenga 16 za tsekwe kapena bakha, amalemera pakati pa magalamu 4.74 ndi 5.50, ndipo ambiri amachokera ku China. M'chaka cha 2024 mitengo yake inakwera kwambiri, ndipo chifukwa chimodzi chomwe chinatchulidwa ndi chakuti nyama ya nkhumba itatsika mtengo kumeneko, alimi anachepetsa kuweta abakha ndi atsekwe, pomwe ofuna nthenga anali akuchuluka. Raketi mumagula kamodzi n'kukhala nayo zaka, koma aliyense amene anatsalirapo kusesa m'holo masewero atatha amadziwa mulu wa mashuttle othyoka nthenga omwe amatoledwa usiku umodzi wokha. N'chifukwa chake makalabu ena akweza ndalama zolipira, ena abwerera ku mashuttle a nayiloni monga Mavis, omwe amakhalitsa ngakhale kuti kagwedwe kake n'kosiyana ndi ka nthenga, yomwe imafika pamwamba n'kugwa chotsetsereka. Bungwe loyendetsa masewerowa padziko lonse la BWF linavomereza kuti kuyambira mu 2021 mashuttle a nthenga zopanga azigwiritsidwa ntchito m'mipikisano yake, ndipo ine ndikuona kuti kumeneko ndi komwe makalabu adzapezere mpumulo.

Pali chinthu china chokhudza inuyo makamaka. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka, ndipo shuttle amauluka mothamanga kuposa ku Durban komwe kuli m'mphepete mwa nyanja. Choncho mukamagula pa intaneti onetsetsani nambala ya liwiro: 77 ndi 78 ndi za malo otsika kapena ozizira, pamene inu mukufunika ochedwa monga 75, ndipo pa Mavis sankhani wa chizindikiro chobiriwira. Kuyesa kwake n'kosavuta. Imani pa mzere wakumbuyo, mumenye shuttle cham'munsi ndi mphamvu zonse, ndipo woyenera agwere pakati pa masentimita 53 ndi 99 asanafike pa mzere wakumbuyo wa mbali inayo. Akapitirira, osewera ena amapinda pang'ono nsonga za nthenga cha kunja kuti achepetse liwiro, ngakhale kuti kutero kumafupikitsa moyo wake.

Ngati mtima ukadali pa raketi ya Axelsen, pemphani mnzanu amene ali nayo akubwerekeni kwa masewero atatu kapena anayi, ndipo muone ngati mukukwanitsa kufikitsa shuttle kumbuyo kwa bwalo mutatopa, komanso momwe chigongono chikumvekera m'mawa mwake. Mukakhutira, gulani kwa wogulitsa wovomerezeka amene amapereka risiti, chifukwa maraketi achinyengo a mayina otchuka adzaza pa intaneti, ndipo ena a iwo amasweka pomwe wolukira wangoyamba kukoka zingwe.