Foni ikakana simu, umboni uli pa khadi pomwepo

Funso: Amisiri, ndimakhala ku Diepsloot. Mwezi watha ndinapita kumudzi ku maliro, ndipo kumeneko ndinkagwiritsa ntchito simu yanga yakale ya TNM, yomwe mphwanga anaidula ndi sizasi kuti ilowe. Nditatsika basi pa Park Station ndinabwezeretsa ya kuno ya Vodacom. Kuyambira tsiku limenelo foni ikungolemba “No SIM”, nthawi zina imagwira ndikaifinya kumbuyo. Mu foni ya mayi akunyumba simu yomweyo ikugwira bwinobwino. Wina wandiuza kuti ndiifulashe.

Yankho: Pepani ndi maliro, achimwene. Za kufulashazo, kufufuta mapulogalamu a foni n'kuikamonso, zisiyeni, mungotaya zithunzi ndi ndalama. Foni yomwe imagwira mukaifinya vuto lake ndi la chitsulo, ndipo chayambitsa ndi sizasi ija.

Simu yaing'ono kwambiri ija ya nano, yomwe inayamba kufala mu 2012 ndi iPhone 5, ndi yaitali mamilimita 12.3, m'lifupi 8.8, ndipo kukhuthala kwake ndi 0.67. Zakale zija, za mini ndi micro, zimakhuthala 0.76. Sizasi imadula m'mbali mokha, kukhuthala kumatsala komweko. Pa maso kusiyanaku simungakuone, koma m'kati mwa foni muli timapini 6 tagolide topindika ngati uta, tomwe tinapangidwa kuti tizitsika pang'ono chabe khadi likalowa, kenako n'kudzukanso. Khadi lokhuthala, la m'mbali mokhakhala, limatipondereza kupyola muyeso kapena kukoka kamodzi polowa. Mwakhala nalo masabata angapo, timapini tagona. Mwabwezeretsa simu yopyapyala, tina sitikufikanso.

Musanawononge ndalama ya takisi kubwera kutauni, chitani ichi, chomwe ine ndimachita pa foni iliyonse yotere ndisanagwire sikuludiraiva. Gulani simu yatsopano ya marandi ochepa pa shopu iliyonse, ya netiweki iliyonse. Musavutike ndi RICA, kalembera wa simu wa kuno, sitikufuna kuimbira munthu, tikufuna nkhope yake yagolide yomwe sinakandidwepo. Zimitsani foni, ikani simuyo m'kathireyi, lowetsani mpaka kumapeto, tulutsani. Bwerezani katatu. Kenako pitani pamalo amdima pang'ono, yatsani tochi ya foni ina n'kuunika khadilo chammbali, kuwala kuzidutsa mopendekera. Mukaunika molunjika golide amangonyezimira ndipo simuona kanthu.

Kapini kalikonse kamoyo kamasiya chipsera. Muona timizere toonda totsatira njira yomwe kathireyi kanadutsa, ndipo pomwe kapini kanaima pamakhala kadontho kowala. Werengani zigawo za golideyo chimodzichimodzi. Chigawo chomwe chatsala chosalala, chopanda kadontho, ndiye kuti kapini kake kagona kapena kathyoka. Kadontho kakagwera pa mzere wolekanitsa zigawo ziwiri, ndiye kuti khadi silikukhazikika pamalo pake, ndipo nthawi zambiri wolakwa ndi kathireyi kopindika kapena kogula padera kosagwirizana ndi foniyo. Mukaona mzere umodzi wakuya ngati wolemba ndi msomali, kapini kameneko kapotoka, kakukanda ndi nsonga m'malo motsetsereka ndi msana. Pamenepo lekani kulowetsa chilichonse, chifukwa ulendo wotsatira kathyokera m'kati.

Ndimaikonda njira imeneyi chifukwa khadi limanena zomwe mwini foni waiwala kunena. Anthu amafika pa tebulo langa akulumbira kuti foni sinagwepo, sinatsegulidwepo, koma zipsera zikuonetsa kuti kathireyi kanalowapo chozondoka. Pa zigawo 6 zija, zisanu ndi zomwe simu singagwire popanda izo: cha magetsi, cha nthaka (chobwezera magetsi), cha wotchi, choyambitsira khadi, ndi chodutsa uthenga. Chimodzi chokha chikasowa, foni imaona ngati mulibe kanthu. N'chifukwa chake kuunika ndi tochi pa kabowo n'kuona timapini tambiri tili chilili sikutsimikizira kanthu. Khadi ndiye limakuuzani kamene sikakugwira ntchito.

Kapini kogona kokha, mmisiri wa dzanja lodekha amakadzutsa ndi kachitsulo kosongoka akuyang'ana pa maikolosikopu. Kothyoka, asinthe chowerengera simu chonse. Apa mitengo imasiyana kwambiri chifukwa mafoni anapangidwa mosiyana: ena chowerengeracho chili pa kabodi kakang'ono kapadera, kongomasula ndi kulumikiza kena, pomwe ena anachiwotcherera pa bodi yaikulu, moyandikana ndi tizipangizo tosafuna kutentha. Funsani kuti yanu ndi ya mtundu uti asanatchule mtengo. Ndipo funsani kuti chomwe akuikacho achitenga kuti. Zotchipa zambiri zomwe zadzaza m'mashopu a m'tauni muno zili ndi timapini tachitsulo chofewa ndi golide wongopaka, miyezi ingapo tagonanso. Ine ndimalolera kuchotsa pa bodi ya foni yakufa ya mtundu womwewo kusiyana n'kuika zimenezo.

Wina akuuzani kuti mumate kapepala kapena selotepi kumbuyo kwa simu. Igwira sabata imodzi, inde, koma mukhala mukubwereza zomwe inachita simu yodulidwa ija, ndipo timapini totsala tigonanso.

Funso: Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Mayfair. Foni yanga imalola simu ziwiri, kapena simu imodzi ndi memore. Mnyamata wina anandimatira simu yachiwiri pa memore ndi guluu kuti zonse zilowe. Tsopano zithunzi za ana zikusowa ndipo kathireyi kakulimba potuluka.

Yankho: Achemwali, tulutsani zimenezo lero, pang'onopang'ono, ndipo musazibwezeretsenso. Malo achiwiri a kathireyi kotero ali ndi magulu awiri a timapini, la simu ndi la memore, koma mpata wake ndi wa khadi limodzi. Memore payokha imakhuthala milimita imodzi. Mnyamatayo wasenda simu ndi moto, wapala memore, waunjika ziwirizo pamodzi ndi guluu, ndipo zonsezo zikukanikiza timapini 8 ta memore ndi ta simu tomwe. Tsiku lomwe guluu adzamatuke muli m'kati, kachipu kadzakodwa ndipo potulutsa mudzazula zonse. Ndazionapo kambirimbiri ndipo zimandipweteka, chifukwa nthawi zonse mwini wake ndi munthu amene ankangofuna kusunga nambala ya kumudzi.

Zithunzi zotsalazo zikopereni pa kompyuta msanga. Memoreyo ngati munaigula pamsewu yolembedwa 128GB pa mtengo wa mbale ya chakudya, mwina inali yabodza kale: imalandira zinthu mpaka mpata wake weniweni utadzaza, kenako zina zimayamba kuwonongeka osakuuzani. Ngati foni yanu imalola eSIM, simu ya m'kati mwa foni yosafuna khadi, ikani nambala ya kuno mmenemo, malo enawo atsalire memore.

Funso: Kachitsulo kotulutsira simu ndinataya. Ndinatokosa ndi singano, kathireyi sikanatuluke, ndipo tsopano anthu akuti sakundimva ndikamalankhula. Ndili ku Yeoville.

Yankho: Bambo, mwatokosa bowo la maikolofoni. Pa mafoni ambiri mabowo awiriwa ndi ofanana ndipo ali moyandikana. La simu ndi lomwe lili pa kathireyi penipeni kapena lokhudzana ndi mzere wake. Mwina mwaboola kansalu kotchinga madzi ndi fumbi, kapena mwakankhira litsiro m'kati. Ndi ntchito yaing'ono, ipititseni. Singano isiyeni ngakhale pa bowo loyenera: kuseri kwake kuli kachitsulo kokankha kathireyi, ndipo kamafuna chinthu cha nsonga yobuntha ngati waya wopanira mapepala wowongoledwa. Nsonga yakuthwa imaterereka n'kulowa pambali.

Kathireyi kakatuluka, yang'anani kamphira kozungulira kumutu kwake. Kakaduka, mvula ya mabingu ya kuno ya Disembala ilowera pomwepo, ngakhale foniyo inagulitsidwa ngati yosalowa madzi.

Funso: Sipika ya kwaya yathu ku Randburg ikumalavula memore. Tikaikankha imabwerera, sikumvekanso kulira koti “kethe” kuja. Tizimata ndi tepi?

Yankho: Pa Sabata likubwerali matani, nyimbo ziimbidwe, koma si mankhwala. Kabowo ka mtundu umenewo, kokankha polowetsa n'kukankhanso potulutsa, kali ndi sipuling'i, kapulasitiki kotsetsereka, ndi kawaya koonda kamene kamayenda m'kanjira kooneka ngati mtima. Mukakankha koyamba kawayako kamakodwa pa mphako ya mtimawo n'kugwira khadi, mukakankhanso kamamasuka. Fumbi la mu Ogasiti likadzaza kanjirako, kapena wina akasolola memore ndi zikhadabo osayamba wakankha, kawaya kamadumpha panjira. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe opanga mafoni anasamukira ku kathireyi: kalibe zoyendayenda zambiri zoti zithyoke, kamatenga malo ochepa, ndipo kamatsekeka ndi mphira.

Uzirani mpweya wouma, donthezani pang'ono sipiriti wotsukira mabodi, kankhani memore yakutha kangapo. Mafuta ayi. Kawaya kakapanda kubwerera panjira, chowerengera memore chisinthidwe. Pa sipika bodi imakhala ndi malo okwanira, moti ndi ntchito yosavuta kwa aliyense wodziwa kuwotcherera. Muuzeni ayesenso kaswitchi kam'mbali kamene kamadziwitsa makina kuti khadi lalowa, chifukwa kakapindika, memore imakhala m'malo mwake bwinobwino koma sipika osaiona.