Khungu la njoka pamsana pa uta: limakongoletsa, koma sililimbitsa

Achimwene, mwati mwasema uta wa mtengo wa hickory kwanu ku Texas, pamsana pake patukuka kachidutswa, ndiye mukufuna kumatapo makungu awiri a njoka yotchedwa rattlesnake kuti usathyoke. Musamate kaye. Khungu la njoka silingapulumutse utawo.

Mukakoka uta, mimba, mbali yoyang'ana kwa inu, imafinyika, pamene msana, mbali yoyang'ana komwe muvi ukupita, umakokeka. Uta umathyokera kumsanako. Chomwe chingagwire msana chiyenera kulimba pokokeka, monga mitsempha ya nyama, chikopa chosafufuta cha gwape, kapena kathabwa kopyapyala ka nsungwi. Khungu la njoka ndi lopyapyala kwambiri ndipo limang'ambika ndi zala. Lidzangobisa vutolo, ndipo tsiku lomwe uta udzaphulike simudzakhala mutaona chenjezo. Kachidutswako kathireni guluu wolowerera, mukamange zolimba ndi ulusi kapena mitsempha, kapena mumate chikopa msana wonse. Ponyani mivi yambiri. Ukapirira, m'pamene tingakambe za njoka.

Nanga khunguli linabwera bwanji pa mauta? Eni nthaka a ku America, makamaka a ku California ndi kuzigwa za kumadzulo, ankamata mitsempha pamsana pa mauta awo aafupi ndi guluu wophika kuchokera ku zikopa kapena nsomba. Ishi, wa mtundu wa Yahi, yemwe anatulukira ku tauni ya Oroville ku California mu 1911, ankagwiritsa ntchito guluu wa khungu la nsomba ya salmon. Vuto la guluu wotere ndi chinyezi: akanyowa amafewa, uta n'kulefuka. N'chifukwa chake ena ankavundikira mitsemphayo ndi khungu la njoka, monga momwe aku Korea amavundikirira mauta awo a nyanga ndi khungwa la mtengo wa birch. Ntchito yake inali ya jasi la mvula basi. Pa hickory pali phindu pang'ono, poti mtengowu umamwa chinyezi msanga, koma vanishi wabwino amagwira ntchito yomweyo. Lero timamata chifukwa chokongola, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

Yang'anani makungu anuwo. Ngati ndi ofewa ngati nsalu, ndiye kuti anafufutidwa ndi mafuta kapena glycerin, ndipo guluu sagwira bwino pamenepo. Abwino ndi ongoumitsidwa ndi mphepo, ouma gwa. Fundulo lomwe njoka imasiya m'tchire ndiye iwalani, lilibe mtundu kapena mphamvu.

Pomata, yambani mwamaliza kusema, mbali zonse ziwiri zikupindika mofanana. Ngati pansi pali mitsempha, iume kaye kwa milungu ingapo. Msana muupukute kuti pasakhale mafuta. Ngati mtengo ndi woyera mbuu ngati hickory, upakeni utoto wakuda pang'ono, chifukwa khungu limaonetsa zapansi ndipo mawanga ake amazilala pa mtengo woyera. Viikani makunguwo m'madzi ozizira mpaka afewe, palani tinyama totsalira mkati, muwafinye ndi thaulo. Khungu limodzi mbali imodzi, kumutu kukumane pogwirira, michira iloze kunsonga. Pokumanapo padzabisika ndi chikopa cha pogwirira.

Ambiri amagwiritsa ntchito guluu wa matabwa wotchedwa Titebond III chifukwa salola madzi ndipo amakupatsani mpata wokonza. Pamwamba pa mitsempha ine ndimakonda guluu wa zikopa, koma akhale wofunda chabe, wotentha amakwinyitsa khungu. Pakani pang'ono pamtengo ndi pakhungu. Apa ndiye pamafunika kudekha. Mzere wapakati pa khungu utsate pakati pa uta, ndipo khungu lonyowa limaterera, mukangoyang'ana kumbali lakhota. Sisitani ndi chala kuchokera kumutu kupita kumchira, motsata mamba, kenako kuchokera pakati kupita m'mbali kuti mpweya ndi guluu wochuluka zituluke. Pomwe patupa boolani ndi singano n'kudinikiza. Musalikoke kwambiri, limadzikoka lokha likamauma. Ena amakulunga ndi bandeji, koma mukamangitsa imasiya zidindo, ndiye ine ndimangokhala nalo pafupi n'kumasisita mpaka guluu atagwira.

Mawa lake dulani zotsala ndi lezala, kapena ndi tupa yosalala, mukukankhira kuchoka kumsana kupita kumimba kuti khungu lisatukuke. Kenako chotsani mamba: matani tepi n'kumatula mobwerezabwereza mpaka asiye kutuluka. Mukawasiya adzasosoka okha pansi pa vanishi n'kusiya timawanga toyera. Dikirani masiku angapo madzi omwe alowa mumtengo atuluke, kenako pakani vanishi monga Tru-Oil kapena shellac kangapo, mopyapyala. Dulirani khungu masentimita angapo musanafike kunsonga, chifukwa kulemera kwa kunsonga kumachedwetsa muvi.

Kwa anzathu a kumudzi amene mwayamba kuganiza za nsato: nsato zonse zili pamndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire, khungu lake siliwoloka malire popanda chilolezo, ndipo musanaligwire n'komwe funsani ku dipatimenti yoona za nyama zakutchire. Komanso mauta athu ambiri ndi obulungira, khungu limakwinyika m'mbali. Ndipo mukapeza mphiri yogundidwa pamsewu, mutu musaugwire ndi manja, umatha kuluma ngakhale njokayo itafa.