Kodi pali umboni woti umphawi wa mlimi wa fodya unachita kukonzedwa?

Wowerenga wina wa ku Kasungu watilembera imelo. Akuti m'kalasi amamva kuti kusiyana kwa olemera ndi osauka kumachokera ku malamulo ndi mabungwe amphamvu, ndiye akufunsa: "Kodi zimenezi zili ndi umboni, kapena ndi ndale chabe? Nanga munthu angafufuze bwanji?"

Umboni ulipo, achemwali, ndipo fodya wa kwanuko ndiye amauonetsa poyera.

Ambiri amathamangira nambala ya Gini, yomwe imayeza kusiyanaku kuyambira 0 (onse ali ndi zofanana) mpaka 1 (zonse zili ndi munthu mmodzi). Lipoti la Oxfam la 2015, pogwiritsa ntchito kafukufuku wa mabanja wa National Statistical Office ku Zomba, linaonetsa kuti Gini ya Malawi inakwera kuchoka pa 0.39 mu 2004/05 kufika pa 0.45 mu 2010/11. Nambalayi ndi yothandiza, koma imayeza zomwe banja limadya ndi kugula. Minda, nyumba za lendi ndi masheya a kampani sizilowamo, ndipo olemera kwenikweni kawirikawiri satsegulira geti anthu ofunsa mafunso. Komanso singakuuzeni amene anachititsa.

Kuti mumupeze, yambani ndi lamulo: ndani analoledwa kulima chiyani? Lamulo la Special Crops Act la 1963 linapatsa boma mphamvu yosankha olima mbewu zandalama. Fodya wa bale ndi wa flue-cured (woumitsa ndi kutentha kodzera m'mapaipi) anasiyidwa m'manja mwa maesiteti, omwe ankagulitsa okha ku okushoni. Mlimi wa kumudzi analoledwa kuyamba bale cha mu 1990. Zaka zonsezo iye ankalima fodya wa chikopa, thonje ndi mtedza, ndipo kwa zaka zambiri wogula anali mmodzi, ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971.

Apa ndiye pagona ntchito. Tengani mtengo wa kilo imodzi pa sikelo ya ADMARC kumudzi, muuyerekeze ndi mtengo umene ADMARC inagulitsira fodya yemweyo ku okushoni nyengo yomweyo. Chotsanipo za mayendedwe, zosungira ndi zosankhira magiredi. Chotsalacho ndi msonkho wobisika, womwe mlimi ankalipira osapatsidwa lisiti. Ofufuza Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen analondola ndalama zimenezi m'kafukufuku wawo wa 1982, ndipo anapeza kuti phindu la ADMARC linkapita ku maesiteti ndi ku makampani monga Press Holdings ya Kamuzu Banda. Pamwamba apo, lamulo la Land Act la 1965 linalola kuti malo a mafumu asandutsidwe a lizi. Munda wa kumudzi utasiya kupindulitsa, anthu ambiri anausiya n'kukakhala matenanti pa esiteti. Ife tikuona kuti munthu akaona masamu amenewa sangapitirize kunena kuti alimiwo anali aulesi.

Mukafuna kufufuza matenanti a lero, samalani, chifukwa ofufuza ambiri amaphonya pomwepa. Musafunse kuti "mumalandira zingati?" Funsani zomwe anatenga pa ngongole chaka chonse: chimanga cha phoso, feteleza, mankhwala, ndalama ya kuchipatala. Funsaninso amene anaika mtengo wa zinthuzo, ndi amene anaika giredi ya fodya potuluka m'chigafa. Nthawi zambiri ndi mwini esiteti yemweyo, ndipo tenanti saona pepala la ku okushoni losonyeza mtengo wa belo lililonse. Muzikacheza ndi matenantiwo msika utatha, chifukwa isanafike nthawi yowerengerana iwo eni sadziwa chomwe atsale nacho. Musawafunse mwini esiteti kapena kapitawo ali pafupi.

Chinanso, werengani manja onse. Pangano limakhala la bambo yekha, koma kunazale, pothyola ndi posoka fodya pamakhala mayi ndi ana. Mukagawa ndalama yotsalayo ndi anthu onse amene anagwira ntchito miyezi yonseyo, malipiro a tsiku amatsika mochititsa chisoni.

Mu 2019 dziko la America linayamba kutsekereza fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi ntchito yokakamiza, ndipo mu 2021 nyumba ya malamulo inasintha Employment Act n'kuletsa utenanti. Choti mukafufuze kwanuko n'chakuti, kodi amene kale ankatchedwa tenanti tsopano akulandira malipiro a pamwezi olembedwa, kapena akudikirabe kuwerengerana fodya akagulitsidwa?