Mbalame ija inafera m'manja mwanga

Achemwali, chingwe cha mbedza mwatola pagombecho musachiponye m'bini chili chathunthu, chonde. Ine zinandionekera, ndipo ndikulemba pano mtima ukuwawabe.

Tsiku lina m'mamawa ndinapeza mbalame ya vuwo ili lende padoko, mutu pansi. Chingwe cha nayiloni chinaikulunga phiko, n'kuzenga mwendo, n'kukakola pa msomali. Poyamba sindinachione n'komwe. Chinthuchi m'madzi sichioneka, n'chifukwa chake mbalame ndi akamba a m'nyanja amangokodwamo. Pamwendo chinali chitadya mnofu mpaka fupa kuonekera, phazi litatupa, lili bii. Mbedza ili m'thumba lija la kukhosi. Ndinavula malaya n'kuiphimba kumutu, ndikudula ndi kampeni kobuntha, manja ali njenjenje, iyo ikundijompha. Chipsera ndili nacho mpaka lero. Ndinamaliza kudula ndithu, koma inangophupha kawiri, basi.

Chimandipweteka n'chakuti dzulo lake ndinaona bambo wina, wamkulu ndi imvi zomwe, chingwe chake chitapiringizana, anangodula n'kuponya m'madzi. Nditawafunsa anandiseka, ati nyanja ndi yaikulu. Yaikulu! Chikhalirecho paipi yotayamo zingwe inali pomwepo, mapazi khumi osakwana. Ndinawalalatira mpaka anthu kutileretsa. Nanga enanu mumathira zotsalira za fodya ndi nyambo yowola m'mapaipi amenewa, mumaganiza kuti amatulutsamo ndani? Ndi anthu ongodzipereka, ndi manja awo.

Nayiloniyu sawola msanga, amayerekeza kuti atha kukhala zaka 600. Ndiye chingwe chimodzi chimapha, nyama n'kuwola, icho n'kutsala kudikira ina. Ngakhale kudzala, mbalame zimachitola kukamangira zisa, anapiye n'kukodwa.

Ngati paipi yotero ilipo pafupi, chotsani mbedza ndi mtovu, ikanimo chingwe chokha. Kampani yopanga zida zowedzera ya Berkley, ya ku Spirit Lake, Iowa, ku America, yakhala ikulandira zingwezi kuyambira 1990. Amazisungunula n'kukhala timibulu ta pulasitiki topangira mabokosi a zida zowedzera ndi zokulungira zingwe. Koma amafuna chija cha ulusi umodzi, cholukidwa chija sichilowa. Ngati paipi palibe, duladulani tizidutswa tosaposa masentimita 15 musanataye, ndipo osawotcha, utsi wake ndi woipa.

Mukapeza mbalame yokodwa musalimbane nayo nokha, itanani osamalira nyama zakuthengo, ikhoza kukuboolani diso. Komanso musangodula chingwe n'kuisiya iuluke chikulendewera, ikakola nacho pamtengo. Ndipo asodzi musakangane nawo, alankhuleni mwaulemu, amamva. Ngakhale bambo aja nditakumana nawo lero sindikudziwa ngati ndingawapatse moni. Lumo lokha muziyenda nalo m'thumba, lakuthwa.