Mazinga a pedulo akatha

Funso: Ndine wakabaza ku Area 25. Pedulo yakumanzere inayamba kugwedera, kenaka inazuka ndili panjira, ndipo nditayang'ana pa mkono umene imamangidwapo ndinapeza mazinga atatha. Owotcherera zitsulo akuti andiwotcherere. Kodi ndivomere?

Yankho: Achimwene, musavomere msanga. Ngati mkonowo ndi wa aluminiyamu, sungagwirane ndi chitsulo cha pedulo pamoto wa owotcherera, ndipo ngakhale utakhala wachitsulo, tsiku limene pedulo idzathe mudzataya zonse ziwiri.

Vutoli kawirikawiri limayamba pomanga. Pedulo yakumanzere, yolembedwa L, ili ndi mazinga obwerera m'mbuyo, choncho imamangidwa motsutsana ndi kayendedwe ka wotchi, ndipo amene aikakamiza ndi sipanala amadya mazinga. Ngati anaphwanyika ndi oyamba okha, pakani girisi, mulowetse pedulo kuchokera kuseri kwa mkono pang'onopang'ono, chifukwa kutero kumawongola mazinga otsalawo. Koma inu mwati pedulo inachita kuzuka, ndiye kuti atheratu. Pali kachitsulo kamazinga kotchedwa Helicoil kamene amalowetsa akakulitsa bowo, koma kamafuna zida zakezake, ndipo kwa munthu amene amanyamula miyoyo ya anthu tsiku ndi tsiku, ine ndikulangiza kugula mkono wina.

Pochotsa wakalewo, onani kaye mmene unamangidwira. Ngati ndi wa kotapini, pini ya nati imene imapanikiza mkono pa ekiselo, masulani nati mpaka ifanane ndi nsonga ya piniyo, tsamiritsani mkono pa paipi yoimirira pansi kuti nyundo isaononge mabelo a mkati, kenaka menyani mwamphamvu kamodzi, osati kugogoda pang'onopang'ono komwe kumangopinda pini. Ngati ndi wa bauti, chotsani bauti ndi washala wake, mulowetse chozulira, chida chamazinga chokokera mkono, m'bowo la mkonolo mpaka pansi musanayambe kukoka; kuiwala washala ndi kumene kumathetsa mazinga a m'bowomo amene chozulira chimagwira. Amenewonso akatha, okonza galimoto ali ndi chozulira chamapazi chimene chimakola mkono kuseri.

Popita kumsika waukulu mutenge wakalewo, popeza kutalika kwake, kaya ndi mamilimita 170 kapena 175, kuyenera kufanana ndi kwa unzake. Pomanga pedulo, yambani ndi zala, ndipo sipanala ya 15 ibwere pomaliza pedulo italowa kale bwinobwino.